Mphatso ya M'sitolo ya ku Myuziyamu: Kapu, Chithunzi, Buku, Mpango Kapena Chosema?

Myuziyamu zikuluzikulu zambiri anazikonza mwakuti mlendo akamatuluka azidutsa m'sitolo. Umachoka pamaso pa chithunzi chenicheni maso akadali odzaza, n'kupeza chithunzi chomwecho chikukudikira pa kapu, pa ambulera, pa masokosi, pa kabuku kolembamo, ngakhale pa timaginito tomata pa firiji. Mwezi wa Disembala sitolo zimenezi zimasefukira ndi anthu ofuna mphatso za Khirisimasi ndi za Chaka Chatsopano, ndipo popeza zambiri zimagulitsanso pa intaneti, munthu amene sanapondeko ku Amsterdam kapena ku New York akhoza kuitanitsa mphatso ya ku Rijksmuseum kapena ya ku Metropolitan Museum ali khale pakhomo pake.

Ine sitolo zimenezi ndimazikonda. Ndalama imene mwasiyamo imabwerera ku myuziyamu, kukathandiza kusamalira zithunzi, kulipira akatswiri okonza zowonongeka ndi kuphunzitsa ana asukulu. Ku British Museum ndi ku National Gallery ku London kulowa n'kwaulere, choncho zogulitsa za m'sitolo zili m'gulu la zinthu zimene zimathandiza kuti chitseko chikhalebe chotsegukira aliyense. Komabe si chilichonse cha pa shelefu chimene chili mphatso yabwino. Ndisanatole chinthu ndimadzifunsa funso limodzi: kodi ntchito ya mmisiriyo yafika yamoyo pa chinthu ichi, kapena yafera m'njira n'kungotsala dzina?

Tengani chithunzi cha Rembrandt, wojambula wa ku Netherlands, chotchedwa The Night Watch, cha mu 1642. Kuchoka pansi kufika pamwamba ndi pafupifupi mamita 3.8, chopingasa mamita 4.5. Anthu ali m'menemo ndi aakulu ngati inu, ndipo kapitawo wovala zakuda amaoneka ngati akutuluka m'khoma kubwera kwa inu dzanja lili patsogolo. Mphamvu yake ili m'kukula kwakeko ndi m'kuwala kotulukira mumdima. Chikapanikizidwa pa kapu, chimasanduka chibanga chabulauni chokhala ndi timadontho toyera. Chithunzichi chinavutikapo kale mu 1715, pamene anachidula m'mbali kuti chikwane pakhoma la nyumba ya khonsolo ya mzinda wa Amsterdam, ndipo sindiona chifukwa chochiduliranso.

Tsopano tengani funde lalikulu lija la Hokusai wa ku Japan, lojambulidwa cha m'ma 1831, limene zala zake za thovu zikufuna kugwira mabwato atatu phiri la Fuji lili poteropo kakang'ono. Limeneli silinali chithunzi chimodzi chopachika m'nyumba yachifumu. Analisema pa matabwa n'kulidinda pa mapepala masauzande, kukula kwake pafupifupi masentimita 25 ndi 37, kuti anthu wamba a ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo, azigula. Mizere yake ndi yakuthwa, mitundu yake ndi yochepa. Linabadwa kuti lizichulukitsidwa, n'chifukwa chake limalolera kukhala pa khadi, pa thumba, pa chikuto cha buku, osataya nkhope yake. Kusiyana kwa Rembrandt ndi Hokusai kumeneku ndiko ndikuyezera mphatso zonse zili m'munsizi.

Makapu, timaginito ndi zina za tsiku ndi tsiku

Apa sindikhalitsapo. Ubwino wake ndi woti ndi zopepuka m'thumba ndipo munthu amazigwira tsiku lililonse. Kuipa kwake ndi koti kapu ndi yozungulira, choncho chithunzi simungachione chonse nthawi imodzi, ndipo utoto wake umasuluka ikatsukidwa kawirikawiri, makamaka m'makina otsukira mbale. Ngati mwasankha njira imeneyi, funani mapatani kapena mitundu yoyalidwa mwachidule, monga mabokosi ofiira, achikasu ndi abuluu a Mondrian, kapena maluwa a William Morris, wojambula mapatani wa ku England. Nkhope za anthu zisiyeni. Mona Lisa wopindika pa kapu sakhalanso Mona Lisa. Zinthu zimenezi n'zoyenera mnzanu wa kuntchito kapena mphatso yowonjezera pa ina, osati munthu amene mukufuna adziwe kuti munamuganizira mofatsa.

Chithunzi chodinda chopachika pakhoma

Iyi ndi mphatso imene ikakhoza imakhoza kwa zaka makumi, ikalakwika imasanduka mtolo. Mukupempha malo pakhoma la munthu wina, ndipo akapanda kuchikonda adzavutika mumtima nthawi iliyonse mukabwera kudzacheza. Muyenera kukhala mutalowamo m'nyumba mwake, mutaona mitundu ya makoma ndi zimene anapachika kale.

Zodindazo zili m'magulu atatu, ndipo ogulitsa ena satchula kusiyana kwake. Loyamba ndi positala wamba, yodindidwa ndi makina a nyuzipepala ndi magazini pa pepala lopyapyala lonyezimira. Ndi yotchipa, koma ikakhala poyang'ana dzuwa mitundu yofiira ndi yachikasu imathawa msanga, n'kutsala yabuluu yokhayokha. Lachiwiri ndi zimene amazitcha giclée, dzina limene linayamba kumveka mu 1991 ku California. Zimenezi amazidinda ndi makina opopera timadontho ta inki ya utoto wokhazikika pa pepala lokhuthala la thonje lopanda asidi. Mitundu imayandikira kwambiri ya chithunzi chenicheni ndipo imakhalitsa. Pamene myuziyamu ili ndi chithunzi chenichenicho, akatswiri ake amatha kuyerekeza chodindacho ndi cha pakhoma, ndipo apa ndi pamene sitolo ya myuziyamu imaposa wogulitsa wina aliyense wa pa intaneti amene anangokopera fayilo osadziwa kumene inachokera.

Gulu lachitatu anthu ambiri salidziwa, koma ndi limene limandikoka mtima kwambiri. Ku myuziyamu ya Louvre ku Paris kuli nthambi yotchedwa Chalcographie, imene inakhazikitsidwa mu 1797, ndipo imasunga mbale zamkuwa zozokotedwa zoposa 13,000. Mpaka lero amisiri amapaka inki pa mbale zimenezo, kupukuta ndi manja, n'kudinda pepala limodzilimodzi. Chimene mwagula si chithunzi cha chithunzi. Ndi pepala limene lakhudzana ndi mbale yozokotedwa, ndipo mukayendetsa chala m'mphepete mumamva kamzere kamene mbaleyo inasiya pofinya pepalalo. Kwa munthu wokonda luso la manja, mphatso imeneyi ilibe inzake pakati pa zonse ndatchula pano.

Nanga zithunzi ziti zimalola kudindidwa? Zimene zinayamba zili pa pepala ndizo zimapambana: Hokusai, Hiroshige, chipembere cha Dürer wa ku Germany, zojambula za zomera ndi mbalame, mapu akale. Kalulu wa Dürer wa mu 1502 ndi chitsanzo chokoma. Anamujambula ndi utoto wamadzi, ubweya uliwonse paokha, ndipo myuziyamu ya Albertina ku Vienna samutulutsa kawirikawiri chifukwa kuwala kumawononga pepala. Ngakhale amene afika ku Vienna nthawi zambiri amaona kope lake. Ndiye kope labwino la kalulu ameneyu pakhoma silikunamiza munthu, ndi mmene pafupifupi dziko lonse limamudziwira.

Zimene zimavutika ndi zija mphamvu yake ili m'khungu la utoto. Van Gogh ankaunjika penti mpaka kuima ngati mizere ya m'munda, ndipo The Starry Night, imene anapenta ku Saint-Rémy ku France mu Juni 1889 ndipo ili ku Museum of Modern Art ku New York, imakhala ndi timithunzi take tokha kuwala kukaigwera cham'mbali. Pa pepala zonsezo zimaphwa n'kukhala see. Chimodzimodzi The Kiss ya Klimt ku myuziyamu ya Belvedere ku Vienna: golide wake ndi weniweni, amasintha mukasuntha mutu, pamene pa positala amakhala chikasu chakuda. Maluwa am'madzi a Monet a ku Orangerie ku Paris ndi zigawo 8 zotalika mamita 2 kuchoka pansi kufika pamwamba, zozungulira zipinda ziwiri, ndipo anazipanga kuti munthu aime pakati pake amire. Kachidutswa kake ka pa pepala kamakongola ndithu, koma n'kachidutswa basi. Sindikunena kuti musagule Van Gogh kapena Monet. Ndikunena kuti ngati mwagula, mutenge chodinda chabwino, chachikulu kuyandikira chenicheni, osati chonyezimira.

Mawu amodzi pa felemu. Chithunzi chopatsidwa chili chokulunga m'chubu nthawi zambiri chimakalamba m'chubumo pamwamba pa wodiropu, chifukwa kukachiikitsa m'felemu ndi ntchito ndi ndalama zimene wolandirayo sanapemphe. Kapena chiikeni m'felemu nokha, kapena sankhani cha muyezo wofala woti chilowe m'felemu yogula kale. Pakati pa pepala ndi galasi pakhale kakhadibodi kotchinga, kuti chinyezi chisamatitse ziwirizo.

Makhadi

Anthu amawanyoza chifukwa ndi otchipa, koma m'nyengo ya Khirisimasi palibe chinthu m'sitolomo chimene chili pakwawo kuposa khadi. Khadi loyamba la Khirisimasi logulitsa linadindidwa ku London mu 1843, makope 1,000. Analijambula John Callcott Horsley atapemphedwa ndi Henry Cole, ndipo Cole yemweyo ndi amene anadzakhala mkulu woyamba wa myuziyamu imene lero ndi Victoria and Albert Museum. Khadi ndi myuziyamu n'zapachibale kuyambira pachiyambi.

Bokosi la mapositikhadi 50 kapena 100 a m'myuziyamu imodzi ndi mphatso imene ndimaiika pamwamba kwambiri ngati simukudziwa bwino zokonda za munthu. Simukumukakamiza chithunzi chimodzi. Mukumupatsa mulu woti asankhemo yekha, lina aimike pa desiki, lina aike m'buku, lina atumize kwa mnzake. Zithunzi zazing'ono zimakhala bwino pa khadi. Mtsikana wa ndolo ya ngale wa Vermeer, amene ali ku Mauritshuis ku The Hague, ndi masentimita 44.5 ndi 39 okha, nkhope imodzi pamdima, ndipo pa khadi amakuyang'anabe ndi maso omwewo. Kufooka kwa makhadi n'koti mukawapereka okha opanda mawu amaoneka ngati mwangotola pothamanga. Tulutsani limodzi, mulembe kumbuyo chifukwa chake limenelo lakukumbutsani iyeyo, muliike pamwamba.

Kalendala ili pafupi ndi khadi: zithunzi 12, chilichonse mwezi wake, ndipo palibe amene akukakamizidwa kukhala nacho kwamuyaya. Koma anthu ambiri amalandira makalendala angapo m'Disembala, kotero yanu ikhoza kukhala yachitatu.

Mabuku

Buku ndiye mphatso imene imanyamula zambiri, komanso imene kulakwitsa kwake sikuoneka msanga. Pali mabuku a chionetsero chapadera, olembedwa ndi akatswiri, olemera, a zilembo zing'onozing'ono. Amenewa ndi chuma kwa wophunzira kapena wojambula amene mmisiriyo amamudziwa kale, koma kwa woyamba kumene ndi khoma lalitali. Pali mabuku otsogolera mlendo, osonkhanitsa zinthu zotchuka za myuziyamu imodzi ndi ndime yaifupi pa chilichonse. Amenewa ndi abwino kwa amene anapitako kapena akulakalaka kupitako. Ndiye pali mabuku ang'onoang'ono ofotokoza chithunzi chimodzi kapena mmisiri mmodzi, ndipo amenewa ndi amene amawerengedwadi mpaka kumapeto.

Posankha, tsegulani pakati. Onani ngati chithunzi chachikulu chagwera mumsoko wa buku n'kumeza nkhope ya munthu. Onani ngati muli masamba oonetsa kachigawo ka chithunzi mokuza, pamene mikwingwirima ya burashi ndi ming'alu ya penti zikuoneka. Apa buku limachita chimene positala singathe, ndipo nthawi zina limaposa ngakhale ulendo wa ku myuziyamu, kumene chingwe ndi khamu la anthu zimakuimitsani patali. Kwa wokonda Van Gogh kapena Rembrandt, buku la zithunzi zokuza ndi mphatso yoona kuposa chilichonse chopachika. Vuto lake ndi kulemera. Ngati mukutumiza kutali, mtengo wa positi ukhoza kuyandikira wa bukulo.

Mipango, matumba ndi zodzikongoletsera

Nsalu imapindika, imakwinyika, imakulungidwa m'khosi. Chithunzi cha nkhani, chokhala ndi mutu ndi miyendo, chikamangidwa m'khosi chimasowa tanthauzo. Chimene chimapambana ndi patani imene inapangidwira nsalu kuchokera pachiyambi. Strawberry Thief ya William Morris ya mu 1883, ya mbalame zikuba sitiroberi, anaijambula ataona mbalame zikuchita zomwezo m'dimba la kwawo ku Kelmscott Manor, ndipo anaidinda pa nsalu ya thonje ku Merton Abbey. Mpango kapena pilo wa patani imeneyi si kope la chinthu china. Ndi chinthucho chikugwira ntchito imene anachilengera.

Maluwa a mtengo wa alimondi a Van Gogh, nthambi zoyera pa thambo labuluu, nawonso amakhala bwino pa silika, chifukwa alibe pamwamba ndi pansi penipeni ndipo Van Gogh anatengera kajambulidwe kake ku zodinda za ku Japan. Pogula mpango werengani kachikwangwani. Silika weniweni ndi poliyesitala zimafanana pa chithunzi cha pa intaneti, koma pakhungu n'zosiyana kutali. Onaninso m'mphepete ngati anapinda ndi manja kapena anangodutsitsa makina.

Pa ndolo, mikanda ndi mphete ndimasiyanitsa ziwiri. Pali zokopera chodzikongoletsera chenicheni chakale, monga ndolo za ku Roma kapena kachikumbu ka ku Iguputo kotchedwa scarab. Zimenezi zili ndi mbiri yoti wovala akhoza kufotokoza. Ndiye pali zongomata kachithunzi pansi pa galasi, zimene sizikhalitsa kukongola. Ndolo za ngale zogulitsidwa m'dzina la Vermeer zili pakati. Ofufuza atachiunika chithunzicho mu 2018 anatsimikiza kuti ngaleyo ndi mikwingwirima yochepa chabe ya utoto, ndipo palibe ngakhale kachingwe koikoleka kukhutu. Mukapereka ndolozo pamodzi ndi khadi la chithunzicho n'kumuuza wolandirayo kuti ayang'anitsitse khutulo, mphatsoyo imakula. Musaiwale kufunsa ngati munthuyo anaboola makutu, komanso ngati khungu lake limadana ndi chitsulo cha nickel.

Makope a zosema

Apa ndi pamene sitolo ya myuziyamu ilibe wopikisana naye, chifukwa myuziyamu ndiyo ili ndi chinthu chenichenicho choti ayezerepo kapena aumbirepo chikombole. Ndipo chosema chaching'ono chimafika m'manja mwanu pa kukula kwake kwenikweni, chinthu chimene chithunzi chachikulu sichingachite.

Mvuu yabuluu ya ku Metropolitan Museum, imene anthu anaipatsa dzina loti William, ndi yaitali pafupifupi masentimita 20. Inaumbidwa ku Iguputo zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, inapezeka m'manda ku Meir, ndipo inafika ku myuziyamuyo mu 1917. Pathupi pake anajambulapo maluwa am'madzi a m'madambo a mtsinje wa Nile. Miyendo yake itatu ndi yokonzanso, ndipo akatswiri amaganiza kuti inathyoledwa dala kuti chilombocho chisakavulaze wakufayo kutsidyako. Kope lake limakwana pa shelefu, mwana amalikonda, wamkulu amalikonda, ndipo nkhani ya miyendoyo imayambitsa macheza ndi mlendo aliyense amene walinyamula.

Zidole za chesi za ku Lewis ndi chitsanzo china. Zinapezeka mu 1831 pa chilumba cha Lewis ku Scotland, zinasemedwa m'zaka za m'ma 1100, mwina ku Norway, zambiri kuchokera ku minyanga ya nyama ya m'nyanja yotchedwa walrus. Lero zidutswa 82 zili ku British Museum, 11 ku National Museum of Scotland ku Edinburgh. Mafumukazi ake agwira tsaya ngati amva uthenga wovuta, ndipo asilikali ena akuluma zishango zawo maso ali tong'o. Kwa wosewera chesi, seti yonse ndi mphatso yoti adzasiyira ana. Kwa wosasewera, mfumukazi imodzi yokha pa desiki ndi yokwanira.

Funsani kuti kopelo analipanga ndi chiyani. Pulasitala amasunga bwino timizere koma amabenthuka msanga. Utomoni wa fakitale wotchedwa resin ndi wolimba ndi wopepuka, koma wotchipa umaoneka ngati pulasitiki, ndipo msoko wa chikombole umaonekera m'mbali. Mkuwa ndi wokhalitsa, wolemera, wodula. Ziboliboli zikuluzikulu zochepetsedwa, monga David wa Michelangelo amene ndi wamtali kuposa mamita 5, zili ndi vuto lomwe lija la Rembrandt pa kapu.

Pali chinanso chimene sindingachidumphe. Zinthu zina za m'myuziyamu zinafikamo mwa nkhondo ndi kulanda. Zosula zamkuwa za mumzinda wa Benin, umene lero uli ku Nigeria, zinatengedwa ndi asilikali a Britain mu 1897 atawotcha mzindawo, ndipo mu 2022 dziko la Germany linabweza umwini wa zimene linali nazo ku Nigeria. Mwala wa Rosetta, wa zolemba zakale za ku Iguputo, uli ku London kuyambira 1802, ndipo ku Iguputo kuli mawu ofuna kuti ubwerere. Munthu wina akalandira kope la chinthu chotere amaona kukongola kwake, wina amaona bala. Dziwani mbiri ya chimene mukupereka ndipo dziwani mtima wa amene mukumupatsa. Zinthu zopatulika za chipembedzo cha anthu ena, ndi zigoba za miyambo yawo, ine sindizigula ngati zokongoletsera pabalaza.

Za ana, ndi za banja lonse patchuthi

Masewera a jigsaw, aja olumikiza tizidutswa mpaka chithunzi chituluke, ndi njira imene imakakamiza munthu kuyang'ana chithunzi kwa maola ambiri, pamene m'myuziyamu ambiri timaima mphindi imodzi n'kupitirira. Chinsinsi chake ndi kusankha chithunzi chodzaza zinthu. Children's Games ya Pieter Bruegel, ya mu 1560, imene ili ku Kunsthistorisches Museum ku Vienna, ili ndi ana oposa 200 akusewera masewera pafupifupi 80: ena akugubuduza mikombero, ena akukwerana pamsana, ena akuyenda pa mitengo yaitali. Kachidutswa kalikonse kali ndi kanthu kake, ndipo agogo ndi adzukulu amazindikiramo masewera amene iwonso anasewerapo. The Night Watch pa jigsaw ya zidutswa 1,000 ndi mazana a tizidutswa takuda tofanana, ndipo banja limatopa lisanafike pakati. Kwa mwana wosakwana zaka 3 tizidutswa tating'ono n'toopsa, akhoza kutsamwa nato, kotero werengani msinkhu wolembedwa pa bokosi.

Kwa mwana, ndimaika patsogolo zipangizo zoti apange yekha kuposa zidole za nkhope ya mmisiri wotchuka. Mapepala amitundu, sizasi ndi guluu, pamodzi ndi khadi la nkhono ya Matisse, ndi mphatso yathunthu. Matisse anapanga nkhono imeneyi, yotchedwa The Snail, mu 1953 ali wokalamba ndi wodwala, osathanso kuima nthawi yaitali, pongodula ndi kung'amba mapepala opakidwa utoto, othandizira ake n'kumawamata pamene walozapo. Ili ku myuziyamu ya Tate Modern ku London ndipo ndi pafupifupi mamita 3 mbali zonse. Mwana akaiona amati nanenso ndingathe, n'kuyamba pomwepo. Chipembere cha Dürer chimagwiranso ntchito yomweyo. Nyamayo inafika ku Lisbon kuchokera ku India mu 1515, Dürer ali ku Nuremberg sanaione ndi maso, anangoijambula kuchokera m'kalata ndi kachithunzi ka munthu wina, n'kuiveka zikopa ngati zida zankhondo ndi kanyanga kena pamsana. Muuzeni mwana nkhaniyi, mum'fotokozere nyama imene sanaionepo, ajambule.

Khadi la umembala, ndi ntchito za amisiri amoyo

Ngati wolandirayo amakhala pafupi ndi myuziyamu, khadi la umembala wa chaka limaposa zonse zili pamwambazi, chifukwa limamupatsa zinthu zenizenizo, osati makope. Ubwino wake waukulu si kupulumutsa ndalama. N'kuti munthu amasiya kuthamanga. Akhoza kulowa kwa mphindi 20, kukaona chithunzi chimodzi, n'kutuluka. Koma kwa wokhala kutali ndi pepala chabe, ndipo ngakhale kwa wapafupi onetsetsani ngati khadilo limalola kulowa ndi mnzake, chifukwa ambiri sakonda kupita okha.

Sitolo zambiri zimakhalanso ndi kona ya mbale zoumba, magalasi, nsalu zoluka ndi zodinda za amisiri amene akadali moyo. Kumeneko kulibe kope. Mbale imene mwagula ndiyo ntchito yeniyeniyo, ndipo ndalama imafika kwa munthu amene akulipira lendi ndi ntchito ya manja ake. Onani ngati dzina la wopangayo lalembedwa. Ngati chikwangwani chikungonena kuti anatengera luso la mtundu wakutiwakuti popanda dzina la munthu kapena gulu, nthawi zambiri chinapangidwa m'fakitale kutali ndi eni lusolo. Ku United States kuli lamulo la mu 1990 loletsa kugulitsa chinthu monamizira kuti chinapangidwa ndi mmisiri wa mitundu ya eni dziko, ndipo lamulo lotere silikanakhalapo kukanakhala kuti chinyengocho n'chosowa.

Pali njira inanso imene sidutsa m'sitolo. Rijksmuseum mu 2012 ndi Metropolitan Museum mu 2017 anatsegula zithunzi zawo za ntchito zakale pa intaneti kuti aliyense akopere mwaulere. A Metropolitan anayamba ndi zithunzi 375,000. Mukhoza kupezamo chojambula chimene sichinagulitsidwepo pa shelefu iliyonse, monga mbalame imene amayi anu amaikonda kapena chida cha ntchito ya bambo anu, n'kukachidinditsa pa pepala labwino. Mitundu mwina sidzafanana ndendende ndi ya chodinda cha myuziyamu, ndipo myuziyamuyo sipezapo kanthu, koma chithunzicho chidzakhala chosankhidwira munthu mmodzi yekhayo.

Ndikaika zonse pa sikelo, ndimachita motere. Munthu amene sindimudziwa bwino amalandira bokosi la makhadi. Amene ndimadziwa makoma ake amalandira chodinda cha ntchito imene inabadwira pa pepala, chili kale m'felemu. Wokonda Van Gogh, Monet kapena Rembrandt amalandira buku la zithunzi zokuza. Nyumba ya ana imalandira Bruegel wa tizidutswa kapena mvuu yabuluu. Zoitanitsa kunja ndimaitanitsa mu Novembala, chifukwa m'Disembala positi imachedwa, ndipo ndimaonetsetsa msonkho wa pachipata ndisanalipire, kuti wolandirayo asakalipirire mphatso yake.

Pali nyumba imodzi imene sindifunsa mafunso ambiri, nyumba imene mwabadwa mwana chaka chimenecho. Kumeneko ndimatumiza maluwa a alimondi aja. Van Gogh anawapenta mu Febuluwale 1890 ali m'chipatala ku Saint-Rémy, atalandira kalata yoti mng'ono wake Theo ndi mkazi wake Jo abereka mwana wamwamuna pa 31 Januwale ndipo amutcha Vincent. Anasankha alimondi chifukwa ndi mtengo umene umachita maluwa moyambirira, nyengo yozizira isanathe. Mwanayo, Vincent Willem, ndi amene atakula anadzakhazikitsa Van Gogh Museum, imene inatsegulidwa ku Amsterdam mu 1973, ndipo chithunzi cha kubadwa kwakecho chili momwemo. Nkhani imeneyi ndimailemba ndi dzanja kumbuyo kwa felemu, pamodzi ndi dzina la khandalo ndi tsiku limene linabadwa.